Utsi ulipo koma khala palibe: kukonza zolakwika popeka moto ndi uta

Anthu ambiri amene amayesa kupeka moto ndi uta amauona utsi tsiku loyamba lomwelo. Chimene chimawagwetsa mphwayi n'chakuti akangosiya kupeka utsiwo umatheratu, pathabwa n'kutsala ufa wozizira. Akatero amaganiza kuti mphamvu zawachepera, ndiye amabwerezanso mwankhongono mpaka mkono kuuma. Koma kawirikawiri vuto silikhala mphamvu. Limakhala m'mitengo, m'kasemedwe kake, kapena m'mene munthu wagwadira. Ubwino wake chidachi chimaulula chokha pamene palakwika. Mukangodziwa kuyang'ana mtundu wa ufa, kumvetsera kulira kwa chopekera (kamtengo kamene chingwe cha uta chimakazungulitsa pathabwa) ndi kuona malo amene utsi ukutulukira, mulipeza vutolo.

Choyamba kumvetsa n'chakuti moto suyambira pathabwa kapena pachopekera. Umayambira mu ufa. Chopekera chikamazungulira chimagwira ntchito ziwiri: chimapera mtengo kukhala ufa wosalala wopsa, kenako chimatenthetsa ufawo mpaka kufika madigiri a Celsius pafupifupi 400, pamene umayamba kunyeka wokha. Kuti zitheke, ufawo uyenera kuunjikana pamalo amodzi, kukhudzana ndi nsonga yotentha ya chopekera, komanso kupeza mpweya. Cholakwika chilichonse chimene tifotokoze pano chimasokoneza chimodzi mwa zinthu zimenezi.

Yambani mwayeza chida chanu

Musanasake vuto lina, onani ngati miyeso ili pafupi ndi iyi. Chopekera chikhale chowongoka, chotalika masentimita 20 mpaka 25, chonenepa ngati chala chachikulu, kutanthauza masentimita pafupifupi 2. Kumunsi kwake kukhale kobulungira ndi kotakata, kumtunda kukhale kosongoka. Thabwa likhale lokhuthala sentimita 1.5 mpaka 2, losalala pansi kuti lisagwedere, ndi lalitali moti phazi lipondepo bwino. Uta utalike masentimita 60 mpaka 70, wopindika pang'ono chabe ndiponso wolimba. Chopanikizira, chimene mumagwira kumtunda kwa chopekera, chikhale cha mtengo wolimba, mwala, fupa kapena chigoba, chokhala ndi kadzenje kakang'ono pakati. Chingwe chisakhale chotamuka.

Mukapeza kuti zinthu zingapo n'zolakwika, konzani chimodzi chimodzi n'kuyesanso. Mukasintha mtengo, chingwe ndi mpata (podulidwa m'mphepete mwa thabwa pamene ufa umagwera) nthawi imodzi, ngakhale moto utayaka simudziwa chimene chinkakulepheretsani, ndipo mawa vutolo libweranso.

Chopekera chikungothawa

Ili ndi vuto la oyamba kumene, ndipo gwero lake lalikulu ndi dzanja logwedera. Ngati mumagwiritsa ntchito dzanja lamanja, pondani thabwa ndi phazi lamanzere, pafupi kwambiri ndi kadzenje ka pathabwa mmene chopekera chimazungulira, motalikirana masentimita awiri kapena atatu basi. Bondo lamanja ligwade kumbuyo ndithu kuti uta upeze njira. Dzanja lamanzere, limene lagwira chopanikizira, lizungulire mwendo n'kukanirira pamsongolo moti lisasunthe. Chifuwa chikhale pamwamba pa chopekera kuti kulemera kwa thupi ndiko kupanikize, osati minofu ya mkono. Dzanja likangochoka pamsongolo, chopekera chimapendama ndipo chingwe chimachiponya kutali.

Ngati mwagwada bwino koma chikuthawabe, onani maenje onse awiri. Kadzenje ka pathabwa kayambitsidwe ndi nsonga ya mpeni, kenako kawotchedwe popeka pang'onopang'ono mpaka katenge maonekedwe a chopekera, ndipo zimenezi zichitike musanadule mpata. Amene amadula mpata asanawotche kadzenje amapeza chopekera chikutsetserekera mumpatamo. Kadzenje kakayandikira kwambiri m'mphepete mwa thabwa, mphepeteyo imanyenyeka ndipo chopekera chimatulukira pomwepo. Siyani pafupifupi theka la sentimita pakati pa mphepete ya kadzenje kopsako ndi mphepete ya thabwa. Kumtunda nako nsonga imatha n'kukhala yobuntha, ndiye imatuluka m'chopanikizira. Isongoleninso.

Utanso uziyenda mopingasa, osakwera kapena kutsika. Nsonga ya uta ikamaloza kumwamba kapena pansi, chingwe chimayenda pachopekera, mwina kukwera mpaka kuchopanikizira, mwina kutsika mpaka kukhula thabwa. Onetsetsaninso kuti mwakulunga chingwe kamodzi kokha ndipo chopekera chili kunja kwa chingwe, osati pakati pa chingwe ndi uta, chifukwa chikakhala mkati chimagundana ndi utawo ndipo chingwe chogwira ntchito chimafupika.

Chingwe chikuterereka

Uta ukuyenda koma chopekera chikuima mukangopanikiza. Chingwe chakhwepa, ndipo pafupifupi chingwe chilichonse chimatero chikatentha ndi kukokedwa, makamaka cha nayiloni. Mangani mfundo yokhazikika kunsonga ya uta, koma kumene mwagwira mangani mfundo yosavuta kumasula kuti muzikunga msanga. Chingwe chokungika bwino chimavuta pang'ono kulowetsa chopekera, ndipo mukachilowetsa chimafuna kudumpha. Mukamapeka, mutha kuwonjezera kukungako pofinya chingwe ndi zala kuchikanikizira ku uta.

Nthawi zina chingwe chili bwino koma pakati pa chopekera pasalala kwambiri. Semani pakatipo kuti pakhale ngodya zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu m'malo mobulungira, chingwe chipeze pogwira. Uta wofewa nawo umabweretsa vuto lomweli chifukwa umapindika nthawi imene mukupanikiza kwambiri. Ndipo musalole chingwe kuterereka nthawi yaitali: chimanyezimiritsa chopekera, chimatentha, kenako chimaduka. Chingwe cha luzi kapena cha ulusi wina wa zomera chimaduka msanga chifukwa chodzikhula chokha pamene chadutsana. Ndi chingwe chotere, pendamitsani uta pang'ono kwambiri kuti mbali ziwirizo zisakhudzane, ndipo chipoteni chonenepa kuposa mmene mukuganizira.

Kulira kwa tswii, ndi kadzenje konyezimira

Mukamva chopekera chikulira mokweza koma ufa osatuluka, imani. Mukayang'ana mupeza kumunsi kwa chopekera ndi m'kadzenje mwasalala n'kumanyezimira. Mitengo iwiriyo yapukutana m'malo moperana, ndipo mukapitiriza mungotopa pachabe. Zimachitika mukapeka mwaliwiro osapanikiza mokwanira, mtengo ukakhala wolimba kwambiri kapena wa utomoni, kapenanso mafuta akafika kumunsi. Palani kunyezimirako ndi mpeni mbali zonse ziwiri mpaka mtengo woyera uoneke. Timchenga touma tochepa kwambiri m'kadzenje timathandiza kuti ziyambenso kugwirana. Poyambiranso, panikizani kwambiri kuyambira pachiyambi, uta uziyenda modekha.

Utsi ukutuluka m'dzanja

Utsi ukamatuluka pachopanikizira, mphamvu zanu zikugawika pawiri ndipo theka likupsereza malo olakwika. Kumtunda kumafunika kukhulana kochepa, kumunsi kochuluka. Songolani kumtunda kuti pokhudza pachepe, ndipo ikani chofewetsa m'kadzenje ka chopanikizira: sopo, phula la kandulo, mafuta, kapena tsamba laliwisi lotikita. Madzi kapena malovu musaike, chifukwa amatupitsa mtengo n'kuchititsa kuti ugwirane kwambiri. Kadzenjeko kakazama mpaka m'mbali mwa chopekera kuyamba kukhula, kakuzeni kukamwa kapena semani chopekera chiwonde chakumtundako.

Samalani kwambiri kuti nsonga yopakidwa mafuta isakhudze thabwa ngakhale kamodzi. Chopekera chikathawa n'kugwa, n'zosavuta kuchibwezera chozondoka. Lembani chizindikiro kumtunda.

Utsi ndi wambiri koma khala silikubwera

Apa ndi pamene anthu ambiri amakanirira, ndipo apa ndi pamene ufa umanena zonse. Musautaye musanauyang'ane. Utengeni pang'ono n'kuufikisa pakati pa zala.

Ufa wotuwa kapena wofiirira mowala, wopepuka, ukutanthauza kuti kutentha sikunakwane. Mtengo ukupereka koma sukupsa. Wonjezerani kupanikiza, ndipo gwiritsani ntchito uta wonse kuchokera kunsonga mpaka kumene mwagwira. Kukoka kwakufupikufupi kumaoneka ngati liwiro, koma chopekera chimaima kaye nthawi iliyonse imene uta ukubwerera, ndipo chikaima chimazizira. Kukoka kwakutali kumachepetsa kuimako.

Ufa wakuda bii, wokhakhala, wokhala ndi timibulu tolimba, ukutanthauza kuti mwapanikiza mopitirira poyerekeza ndi liwiro lanu. Mtengo ukung'ambika m'tizidutswa tatikulu, ndipo tizidutswa totere sitigwira moto msanga. Pepukitsani dzanja la kumtunda, uta uthamange. Ufa wotuluka ngati timizere tatitali tokulungika umaloza kumodzimodzi, ndipo nthawi zambiri umasonyezanso kuti mtengo uli ndi chinyezi kapena wayamba kuwola.

Ufa umene mukufuna ndi woderako kwambiri, pafupifupi wakuda, wosalala ndi wofewa, umene umagwirana mukautsina. Ngati ufa wanu ndi wotere koma khala palibe, mitengo ndi dzanja zili bwino. Vuto lili pampata kapena pa nthawi.

Mpata udulidwe mooneka ngati V, kukula kwake kukhale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kadzenje, ndipo nsonga yake ifike pafupi ndi pakati pa kadzenjeko koma isafike pakati penipeni. Ukafupika, ufa sugweramo, umangozungulira pamwamba pa kadzenje n'kumazizira. Mukaona ufa wambiri utaunjikana pamwamba pathabwa kuposa mumpata, dziwani kuti ndi zimenezo. Ukapitirira pakati, kumunsi kwa chopekera kumamera kansonga kolowa mumpatamo ndipo kupera kumachepa. Ukapapatiza, mpweya sulowa ndipo ufa umatsekeka pamwamba. Ukatakata kwambiri, ufa umamwazika, sufika kunsonga ya chopekera, ndipo chopekeracho chimathawiramo. Makoma a mpata akhale osalala kuti ufa utsike bwino, ndipo ndi bwino kuukuza pang'ono chakumunsi kuti mpweya uzilowa pansi pa muluwo.

Thabwa lokhuthala kwambiri limabweretsa vuto lobisika. Mpata wake ndi wakuya, ndiye ufa umagwera patali n'kuzizira usanaunjikane kufika pachopekera. Munthu amatopa mpata usanadzaze. Lisemeni lichepe.

Za nthawi, cholakwika chofala ndi kuyamba ndi liwiro lonse. Gawani ntchitoyi pawiri. Poyamba pekani modekha, mukupuma bwinobwino, cholinga chikhale kudzaza mpata ndi ufa wakuda mpaka pamwamba. Ndi mitengo yabwino zimenezi zimatenga pafupifupi theka la mphindi kapena kupitirirapo pang'ono. Mpata ukadzaza ndiye thamangitsani uta ndi mphamvu zimene mwasunga, kukoka maulendo 15 kapena 20 utsi uli tolotolo. Kutentha kopanda ufa wokwanira n'kongotaya, ndipo amene amathamanga poyamba amafika pa nthawi yofunikayo mkono utatheratu. Ambiri amasiyanso msanga chifukwa chosangalala ndi utsi. Utsi wochokera pachopekera si umboni wa khala. Umboni ndi utsi wotuluka pamulu wa ufa wokha, chopekera mutachichotsa.

Mukalephera koma ufa uli wabwino, musauchotse mumpata. Wauma kale ndipo ndi wofunda, choncho ulendo wachiwiri ufupika.

Pali vuto linanso limene limabwera kadzenje kakazama. M'mbali mwa chopekera mumayamba kukhula makoma a kadzenjeko, uta umalemera, chingwe chimaterereka, koma kutentha kumamwazikira m'mbali m'malo mopita pansi. Semani m'mbali mwa chopekera chakumunsi kuti chichepe pang'ono, kapena kuzani kukamwa kwa kadzenje.

Mwina ndi mtengo

Ngati mwakonza zonsezi koma ufa sukusintha, sinthani mtengo. Palibe luso limene lingapulumutse mtengo wolakwika, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu akudziimba mlandu pamene cholakwa ndi thabwa. Kanikizani chikhadabo cha chala chachikulu pamtengowo. Chikasiya kachizindikiro koonekera bwino popanda mtengo kunyenyeka, ndi wabwino. Chikalephera kulowa, ndi wolimba kwambiri ndipo ungonyezimira. Chikalowa mosavuta mtengo n'kufumbutuka, wawola, ndipo chopekera chiboola thabwa khala lisanapangike.

Mitengo yopepuka, yopanda utomoni ndiyo imachita bwino, monga msondodzi ndi mitengo ya kunja yotchedwa poplar, aspen ndi basswood, komanso mlongoti wouma wa maluwa a khonje kapena a yucca, chomera chofanana ndi khonje. Paini wa utomoni wambiri amavuta chifukwa utomoniwo ukatentha umasungunuka n'kukhala ngati mafuta. Njira yosavuta ndi kusema chopekera ndi thabwa kuchokera ku nthambi imodzi, kuti kulimba kwake kufanane. Chopekera chikalimba kwambiri kuposa thabwa chimangoboola. Chikafewa kwambiri chimatha chokha.

Tengani nthambi youma imene ikadali pamtengo kapena yokoledwa m'mwamba, osati yogona pansi. Ithyoke ndi phokoso louma, osati kupindika. Mtengo wachinyezi umamveka wozizira mukaugunditsa pamlomo kapena patsaya. Ngati chinyezi chili chochepa, mutha kuuumitsa popeka: pekani mpaka utsi uyambe, pumani pang'ono nthunzi ituluke, bwerezani katatu kapena kanayi, tayani ufa woyambawo, kenako pekani zenizeni. Kunja kukakhala konyowa, sungani thabwa ndi chopekera m'kati mwa zovala, ndipo semani kunja konse kuti mufike pamtima pouma.

Chinyezi chimalowanso m'njira zimene anthu saziganizira. Nthaka yozizira imayamwa kutentha kwa ufa, choncho pansi pa mpata ikani khungwa louma kapena kachidutswa kopyapyala ka mtengo, osati tsamba laliwisi. Nsapato yonyowa imanyowetsa thabwa. Dontho limodzi la thukuta lochokera pamphumi likagwera mumpata, ntchito yonse yatha; pukutani nkhope musanayambe. Zala za thukuta nazo zisagwire kumunsi kwa chopekera.

Khala labwera koma lazima

Khala latsopano ndi ufa chabe wosagwirana, ndipo chimene chimalipha kwambiri ndi phuma. Mukasiya kupeka, chotsani chopekera mosamala phazi likadali pathabwa. Gwirani thabwa ndi dzanja musanachotse phazi, kuti lisagwedezeke. Musauzire ndi pakamwa nthawi imeneyi, chifukwa mukupuma mwawefuwefu ndipo mumwaza muluwo. Pemererani ndi dzanja pang'onopang'ono. Utsi ukapitiriza kukwera wokha, gogodani thabwa pang'ono ndi msana wa mpeni kuti ufa ulekane ndi makoma a mpata, kenako nyamulani thabwalo mopendeketsa, kulichotsa pamuluwo. Ngati ufa wamatirira, ugwirizeni ndi kamtengo kakang'ono pamwamba pamene mukuchotsa thabwa.

Kenako dikirani. Khala labwino limanyeka mphindi zingapo, ndipo likakhala mphindi imodzi kapena iwiri limagwirana n'kuyamba kuoneka kufiira. Nthawi imeneyi ndi yoti inu mupume. Ngati muluwo ndi waung'ono, thirani m'mbali mwake ufa umene watsalira pathabwa kapena tizidutswa ta mtengo wowola wouma, kuti khalalo likule. Kukakhala mphepo, litchingeni ndi thupi.

Khala lilipo koma lawi silikubuka

Zoyatsira zikonzedwe musanagwire uta, osati khala likudikira. Zipangeni ngati chisa cha mbalame, zodzaza manja awiri: kunja udzu wouma kapena ulusi wokhakhala wa khungwa, m'kati zosalala kwambiri zimene mwazifikisa m'manja mpaka kufewa. Chisa chaching'ono chimapsa n'kubooka lawi lisanabuke. Cholimba kwambiri sichilowa mpweya, ndipo chomasuka kwambiri chimalola khala kugwa kapena kutentha kuthawa. Thonje ndi ubweya wa maluwa paokha zimangopsa mwamsanga pamwamba osasunga moto, choncho zisakanizeni ndi ulusi wokhalitsa.

Bweretsani chisa pafupi ndi khala, pendeketsani khungwa lija kuti khala litsetserekere pakati popanda kugwa kuchokera patali, kenako pindani chisacho kuti zoyatsira zikhudze khala mbali zonse. Cholakwika chachikulu apa ndi kusiya mpata pakati pa khala ndi ulusi. Khala limadya zimene lazikhudza n'kudzipangira mphako, ndiye muzifinya chisa pang'onopang'ono pamene mukuuzira kuti nthawi zonse likhale ndi chakudya chatsopano.

Nyamulani chisa chikhale chokwera pang'ono kuposa nkhope, mphepo ikhale kumsana kwanu kuti utsi usakulowe m'maso. Uzirani motalika ndi modekha, pakamwa patalikirane ndi chisa masentimita 15 mpaka 20, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Pokoka mpweya, chotsani chisa kumaso. Kuchiyendetsa komweko kumachipemerera. Utsi ukamakhuthala n'kuyamba kuoneka wachikasu, wonjezerani mphamvu youzira. Ambiri amaopa kuzimitsa ndiye amauzira mofooka mpaka khala kutha, chonsecho likagwira ulusi limafuna mpweya wambiri. Ngati utsi ukukhala woyera ndi wopyapyala osasintha, zoyatsirazo zili ndi chinyezi. Pitirizani kuuzira modekha kuti kutentha kuziumitse, musafulumire.

Lawi likabuka, tembenuzani chisa kuti lawilo likhale pansi ndipo likwere kudutsa zoyatsira zotsala, n'kuchiika pamalo amene mwasesa kale, opanda udzu kapena masamba ouma pafupi. Chisa chimayaka kanthawi kochepa kwambiri, choncho tinkhuni tikhale tili pomwepo, tosanjidwa kale: toyamba toonda kwambiri todzaza manja awiri, kenako tonenepa ngati chala. Ikani toondato pamwamba pa lawi mosapanikiza, musiye mipata ya mpweya, ndipo zonenepa muziwonjezera pokhapokha toyambato titagwira.